Mmene mungasakire makalata ndi zolemba zakale za William Carey muli pakhomo panu

Ndikulemba izi chifukwa cha manyazi amene ndinachita chaka china ndikulemba asainimenti kusukulu ya Baibulo. Ndinalemba motsimikiza kuti William Carey, mmishonale uja wa Baptist wa ku England amene anakatumikira ku India, ali mnyamata anaimirira pamsonkhano wa abusa nkunena kuti uthenga upite kumaiko akutali, nde m'busa wina wachikulire, John Ryland, anamukalipira kuti khala pansi mnyamata iwe, Mulungu akafuna kutembenuza anthuwo achita yekha popanda iwe kapena ine. Nkhaniyi ndinali nditaimva pa guwa kambirimbiri moti sindinaganizeko zoti wina angandifunse. Pepala litabwera aphunzitsi anali atangolemba m'mbali ndi bolopeni yofiira kuti "mwazitenga kuti?" basi, osaonjezera kanthu. Nditayamba kusaka ndinapeza kuti nkhaniyi inatuluka m'buku patadutsa zaka zambiri chichitikireni msonkhanowo, ndipo mwana wa Ryland yemweyo, amene anali mnzake wa Carey komanso ndi amene anamubatiza, ananena kuti iye sanaimvepo ndipo sakuikhulupirira.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kulondola pepala mpaka kumene linachokera, ndipo chinandidabwitsa nchakuti zambiri munthu utha kuziona uli pakhonde pako bola bandulo ndi kuleza mtima. Ku Oxford sindinapondeko, ku India nakonso ayi. Ndiye nazi mmene ndimachitira, mwina zithandiza wina amene ali ndi asainimenti kapena abusa amene akufuna kulalikira za Carey osaunamiza mpingo.

Poyamba, lembani zaka zake papepala limodzi

Musanatsegule Google tengani pepala mulembe ndandanda wa zaka ndi malo, mulimate pakhoma olo kuseli kwa kope. Anabadwa pa 17 Ogasiti 1761 ku Paulerspury, kamudzi ka ku Northamptonshire ku England, ntchito yake inali yosoka nsapato, anakwatira Dorothy Plackett mu 1781, anabatizidwa mumtsinje wa Nene mu 1783, anakhala m'busa ku Moulton kenako ku Leicester. Mu 1792 anatulutsa kabuku kake kaja kotchuka kamene dzina lake limayamba ndi An Enquiry, ndipo pa 2 Okutobala chaka chomwecho ku Kettering abusa owerengeka anayambitsa bungwe la mishoni limene linadzatchedwa Baptist Missionary Society, mwachidule BMS, mlembi wake Andrew Fuller. Mu Juni 1793 ananyamuka pa sitima ya anthu a ku Denmark pamodzi ndi banja lake komanso dokotala John Thomas, anafika ku Calcutta mu Novembala. Kuyambira 1794 anali kapitawo pa fakitale ya utoto wa indigo ku Mudnabati kufupi ndi Malda. Mu Januwale 1800 anasamukira ku Serampore kumene anagwirizana ndi Joshua Marshman ndi William Ward. 1801 Chipangano Chatsopano cha Chibengali chinasindikizidwa, chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa pa Fort William College. 1812 moto unatentha nyumba yawo yosindikizira. 1818 Serampore College. 1827 anapatukana ndi BMS. Anamwalira pa 9 Juni 1834 ku Serampore komweko.

Zikuoneka ngati za ana asukulu koma chifukwa chake nachi, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse: kalata imakhala kwa amene anailandira osati kwa amene anailemba. Carey anakhala ku India zaka 40 osabwererako kwawo olo kamodzi, koma makalata ake ambiri ali ku England chifukwa ndi kumene kunali Fuller, Ryland wamng'ono uja, m'busa mnzawo John Sutcliff ndi alongo ake awiri Mary ndi Ann amene ankawalembera. Nde chaka chilichonse pa ndandanda wanu uja dzifunseni kuti nthawi imeneyi ankalembera ndani, ankalipidwa ndi ndani, anali pansi pa boma liti. Mayankho ake ndi amene akuuzeni khomo loti mugogode.

Kachiwiri, khalani ndi funso limodzi

Osati "ndikufuna zonse za Carey", zimenezo mutha nazo mabandulo a chaka chathunthu. Funso likhale laling'ono loti lingayankhidwe, monga kuti ndani ankamuthandiza Chibengali asanafike ku Serampore, kapena chinapsa nchiyani pa moto wa 1812, kapena analemba chiyani za matenda a mkazi wake. Lilembeni pamwamba pa kope.

Kachitatu, dziwani kumene mapepalawo ali

Nkhokwe yaikulu ndi Angus Library and Archive, ili ku Regent's Park College ku Oxford, ndi imene imasunga zolemba za BMS kuyambira 1792, makalata ochokera ku India, maminitsi a komiti, mabuku a ndalama, zonsezo. Apa ndipomwe ambiri timasokera, chifukwa ukamva za ma archive a mishoni ku Britain dzina limene limabwera msanga ndi SOAS ya ku London, koma kumeneko kuli za London Missionary Society ndi za a Methodist, ine ndinataya madzulo awiri ndikusaka Carey mu katalogi yolakwika.

Ku India kuli Carey Library and Research Centre mkati mwa Serampore College, uko ndi kwa mabuku amene anasindikizidwa pa makina awo, madikishonale, mabuku a galamala ndi zolemba za zilankhulo.

British Library ku London ili ndi India Office Records, zolemba za East India Company, kampani ya ku Britain imene inkalamulira Calcutta ndi madera ozungulira. Zimenezi nzofunika chifukwa Carey analowa mu India opanda chilolezo cha kampaniyo, nthawi imeneyo sinkafuna amishonale mpaka lamulo linasintha mu 1813, komanso Fort William College imene inkamulipira malipiro inali ya kampani yomweyo. Mudziwiretu kuti makompyuta a British Library anaonongedwa ndi akuba a pa intaneti mu Okutobala 2023 ndiye maulalo ena akale amene mungawapeze m'mabuku sakutsegukanso, musaganize kuti ndi netiweki yanu.

Serampore inali m'manja mwa Denmark mpaka 1845, ndi chifukwa chake amishonalewo anathawira kumeneko, ndipo chikalata chopatsa koleji ija mphamvu yopereka madigiri chinachokera kwa mfumu Frederick VI mu 1827. Choncho za boma la tauniyo zili ku Rigsarkivet ku Copenhagen, zambiri mu Chidanishi. Za ubwana ndi ukwati wake zili m'makaundula a tchalitchi amene amasungidwa ku Northampton, ndipo m'kaundula wa ukwati wa 1781 Dorothy sanasaine dzina, anangoika chizindikiro chifukwa nthawi imeneyo sankadziwa kulemba. Kanthu kakang'ono koma kakumbukireni, tikabwerera kutsogoloku. Za Bible Society ya ku Britain, imene inayamba mu 1804 ndipo inkathandiza ndi ndalama zosindikizira, zili ku Cambridge University Library. Ku America, Southern Baptist Historical Library and Archives ya ku Nashville ili ndi zolemba zakale za BMS pa microfilm, ndipo William Carey University ya ku Hattiesburg, Mississippi ili ndi malo ophunzirira za moyo wake amene anaika zinthu zambiri pa intaneti zaulere.

Ngati mwasokonezeka pitani pa katalogi ya Discovery ya National Archives ya ku Britain, mulembe dzina lake ndi zaka, William Carey 1761-1834, imaonetsa malo osiyanasiyana osunga mapepala a munthu mmodzi. Zakazo musaziiwale, ma William Carey alipo ambiri, ndipo mwana wake wina nayenso anali William, mmishonale ku India komweko, moti kalata yosainidwa W. Carey si nthawi zonse ili ya bambo.

Kachinayi, yambani ndi zaulere

Musalembere aliyense imelo musanathane ndi zimene zili poyera. Pa archive.org ndi pa Google Books pali mabuku akale ambirimbiri oti mutha kudawuniloda PDF yake mahala. Sakani kaye Periodical Accounts, awa anali malipoti amene BMS inkasindikiza kuyambira zaka za m'ma 1790 ndipo muli zidutswa za makalata ndi za dayale ya Carey. Kenako sakani buku la moyo wake limene Eustace Carey, mwana wa mchimwene wake, anatulutsa mu 1836, ndi la John Clark Marshman la 1859. Awiriwa muwawerenge mukudziwa kuti aliyense anali ndi mbali yake pa mkangano wa Serampore ndi BMS, Eustace anali ku gulu la achinyamata amene anachoka kukayamba zawo ku Calcutta pomwe John Clark ankateteza bambo ake Joshua Marshman.

Za bandulo: ma PDF amenewa ena ndi olemera zedi. Pa archive.org pali njira yoonera mawu okhaokha opanda zithunzi za masamba, imalembedwa kuti Full Text, ndi yopepuka, nde sakani mmenemo kaye, mukapeza tsamba limene mukufuna ndi pamene mutsegule chithunzi chake. Zolemerazo dikirani bandulo ya usiku kapena wifi ya kuntchito.

Tsono pali misampha iwiri imene ingakupangitseni kuganiza kuti chinthu mulibe chonsecho chilimo. Woyamba ndi chilembo cha s chachitali chimene ankasindikiza kale, chimaoneka ngati f, ndipo kompyuta ikamawerenga buku la 1792 imachitenga ngati f ndithu, moti mukasaka mission simupeza kanthu koma mukalemba miffion zituluka zambiri. Yesani zonse ziwiri. Wachiwiri ndi maina. Azungu a nthawi imeneyo ankalemba mmene khutu lawamvera, ndipo tsiku lina chonchi tsiku lina mwina. Mudnabati muipeza ngati Mudnabatty, Sanskrit ngati Sungskrit kapena Shanscrit, Marathi ngati Mahratta, Bengali ngati Bengalee, Serampore pa mapu ena a lero ndi Srirampur ndipo a Denmark ankaitcha Frederiksnagore. Krishna Pal, kalipentala amene anali Mhindu woyamba kubatizidwa ndi amishonalewa mu Disembala 1800, amalembedwa Kristno kapena Kreeshno. Ife izi sizachilendo, tikudziwa mmene Mulanje anakhalira Mlanje ndi Thyolo kukhala Cholo m'mapepala a atsamunda. Tsegulani tsamba lapadera kumapeto kwa kope lanu la maina okhaokha, dzina lililonse ndi masipelo ake onse, mudzandithokoza.

Kachisanu, chilichonse mwapeza chifunseni kuti chadutsa m'manja angati

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinagwera. Pali kalata yeniyeni ya dzanja la Carey. Pali kalata yomweyo itakoperedwa ndi munthu wina m'buku la ofesi. Pali kalata yomweyonso itasindikizidwa mu Periodical Accounts. Kenako pali wolemba mbiri amene anaitenga mmenemo, wina nkutenga kwa iyeyo, wina nkuika pa Facebook ndi chithunzi cha dzuwa likulowa. Pa sitepe iliyonse china chake chimagwa kapena kuonjezeredwa.

Periodical Accounts sanali kaundula wa khoti, anali malipoti opita kwa anthu a m'mipingo amene ankasonkha ndalama, ndipo Fuller ankasankha zoti zituluke. Aliyense amene analembapo lipoti la kwa madona akudziwa mmene zimakhalira, sunama ayi koma si zonse umaika. Ndiye zowawa zambiri zinkadulidwa kapena kufewetsedwa. Chitsanzo chachikulu ndi Dorothy uja. Mayiyu poyamba anakana kupita ku India, anavomera kutatsala pang'ono kunyamuka ali ndi khanda lakumanja ndipo anatenga m'bale wake Kitty kuti amuperekeze, atafika anakumana ndi umphawi ndi kamwazi, mu 1794 mwana wawo Peter wa zaka 5 anamwalira ku Mudnabati, ndipo kuchoka apo mutu wake unasokonekera mpaka imfa yake mu 1807. Mabuku ena akale amangomutchula ngati mtolo umene munthu wa Mulungu anasenza. Koma mukafika pa makalata amene sanalembedwere kusindikiza ndi pa madayale a anzake a ku Serampore mumaona nyumba yeniyeni, ana akukula mosasamalika, mayi wotsekeredwa m'chipinda bambo ali pa tebulo ndi galamala. Ndipo zonse zimene tikudziwa za iye zinalembedwa ndi amuna omuzungulira, kachizindikiro kaja ka m'kaundula wa ukwati kakukumbutseni zimenezo. Ine maganizo anga ndi akuti amene akulemba za Carey osamupatsa Dorothy ndime yakeyake sanamalize ntchito.

Chitsanzo china ndi mawu aja amene amalembedwa pa makoma a masukulu a Baibulo, oti yembekezerani zazikulu kwa Mulungu, yesani zazikulu chifukwa cha Mulungu. Anachokera pa ulaliki wa ku Nottingham mu Meyi 1792, pa Yesaya 54 vesi 2 ndi 3 paja pokuza malo a hema. Ulalikiwo sunasungidwe wonse, tili ndi zimene omvera anakumbukira, ndipo m'zolemba zoyambirira mawuwo ndi afupi, yembekezerani zazikulu, yesani zazikulu, basi. Sikuti ndi tchimo kunena aataliwo, koma mu pepala la sukulu nenani kuti mwatenga ati ndipo kwa ndani.

Nde chizolowezi chake ndi ichi: pa mfundo iliyonse mu kope lanu ikani kachilembo pambali. Ine ndimaika D ngati ndaona dzanja lake lenileni kapena chithunzi chake, S ngati ndi zosindikizidwa iye ali moyo, M ngati ndi za olemba mbiri a pambuyo. Mukamadzalemba mudzaona nokha kuti ndime ina yonse yaima pa ma M okhaokha, pamenepo bwererani.

Kachisanu ndi chimodzi, lemberani osunga zolembazo

Mukafika poti chimene mukufuna sichili pa intaneti, lembani imelo, adiresi yake muipeza pa webusaiti ya malowo. Ikhale ya Chingerezi, yaifupi. Nenani dzina lanu, kumene muli, sukulu kapena mpingo ngati zikukhudzana, funso lanu lija m'chiganizo chimodzi, ndipo chofunika koposa nenani zimene mwaona kale. Mwachitsanzo kuti mwapeza chidutswa cha kalata ya Carey yopita kwa Fuller ya tsiku lakuti mu Periodical Accounts voliyumu yakuti tsamba lakuti, mukufuna kudziwa ngati yeniyeniyo ilipo, nambala yake ya mu katalogi ndi iti, ndipo kujambula kungatheke pa mtengo wanji. Anthuwa amakhala ochepa pa ntchito yambiri, funso lolunjika amaliyankha, koma la "nditumizireni zonse" limangogona. Musayambe ndi ndime zitatu za malonje ngati kalata ya kwa amalume, moni mzere umodzi wakwana.

Funsaninso za chilolezo, chifukwa kukupatsani sikani kuti muwerenge ndi nkhani ina, kuiika m'buku kapena pa intaneti ndi nkhani inanso. Yankho likachedwa dikirani masabata awiri atatu kenako mukumbutse mwaulemu. Ngati muli ndi m'bale ku UK amene angakupitireni, ayambe wapangana nawo tsiku, malo ngati Angus sumangotulukira pakhomo, ndipo atenge chiphaso ndi pensulo chifukwa bolopeni m'zipinda zowerengera zolemba zakale saloleza.

Kachisanu ndi chiwiri, kuwerenga dzanja lakalelo

Sikani ikafika musakhumudwe, tsiku loyamba imaoneka ngati nkhuku zapalasa. Njira yabwino ndi kuyamba ndi kalata imene chidutswa chake muli nacho kale chosindikizidwa, muziike pambalipambali, nde dzanjalo mulizolowera mzere ndi mzere, komanso ndi mmene mumagwirira zimene anadula. Koperani mmene zalembedwera osakonza sipelo, liwu limene lakukanikani siyani mpata muike chizindikiro cha funso, musalote. Mawu ofupikitsa amene mukumane nawo kawirikawiri ndi inst. kutanthauza mwezi uno, ult. mwezi watha, ndi &c. kutanthauza ndi zina zotero. Pepala ndi positi zinali zodula nde anthu ena akadzaza tsamba ankalitembenuza chammbali nkulembanso modutsa pamwamba pa mizere yoyamba, mukapeza yotero ingotembenuzani foni muwerenge mbali imodzi kaye.

Pemphani kuti akujambulireni ndi kuseli komwe. Kumeneko kumakhala adiresi, nthawi zina dzina la sitima, ndi tsiku limene wolandira anailandira. Ulendo wa Carey mwini unatenga miyezi isanu, ndiye kalata kupita ndi yankho kubwera chinali pafupifupi chaka, ndipo poopa kuti sitima ingamire kapena kugwidwa pa nkhondo ankatumiza makope pa sitima zosiyana. Mukamawerenga mkangano umene unakula Fuller atamwalira mu 1815, komiti yatsopano ya anthu amene sanamuonepo Carey ikufunsa kuti katundu wa ku Serampore mwini wake ndani, ikani makalatawo mu ndondomeko ya tsiku lolandirira osati lolembera lokha. Mudzaona kuti nthawi zina munthu akupsa mtima ndi nkhani imene mnzake anaifotokoza kale m'kalata imene idakali panyanja.

Ndalama nazo zimasokoneza. Chopereka choyamba cha ku Kettering chimalembedwa £13 2s 6d, ndiye kuti mapaundi 13, mashiling'i 2 ndi mapeni 6, osati 13.26. Paundi inali mashiling'i 20, shiling'i mapeni 12. Funsani agogo, ndalama zimenezi anagwiritsapo ntchito kwacha isanabwere mu 1971, akuwerengerani pamtima. Za ku India zili mu ma rupee, ndipo rupee imodzi inali ma anna 16.

Kachisanu ndi chitatu, ngati funso lanu ndi la kumasulira Baibulo

Mudzamva kuti Carey anamasulira Baibulo lonse m'zilankhulo 6, Chibengali, Sanskrit, Marathi, Hindi, Oriya ndi Assamese, ndi zigawo zake m'zilankhulo zina zambiri. Funso loti mufunse mapepala ndi lakuti ankachita bwanji, munthu mmodzi wa manja awiri. Yankho lili m'malipoti amene a ku Serampore ankatulutsa okhudza ntchito yomasulira, sakani mawu oti Memoir ndi Translations ndi Serampore pamodzi. Mmenemo ndi m'makalata muona kuti panali gulu la akatswiri a komweko, amawatchula pundit kapena moonshee, amene ankalemba kumasulira koyamba m'chilankhulo chawo Carey nkumaunika. Ramram Basu, amene m'makalata ndi Ram Boshoo, anali mphunzitsi wake wa Chibengali kuyambira masiku oyamba. Mrityunjay Vidyalankar anali katswiri wamkulu pa Fort William College. Panchanan Karmakar ndi amene ankasema zilembo za chitsulo zosindikizira, pambuyo pake mkamwini wake Manohar. Ambiri ena maina awo sali pachikuto cha buku lililonse, mumawapeza mu mzere umodzi wa kalata kapena pa ndandanda wa malipiro, nde mukalipeza dzina lotero lilembeni msanga ndi tsamba lake. Zimandikumbutsa za Buku Lopatulika lathu la 1922, timatchula William Murray wa ku Nkhoma koma aphunzitsi achikuda amene ankakhala naye pa tebulo ndi ochepa amene angawatchule.

Onetsetsaninso kuti mwagwira kusindikiza kwa chaka chiti. Chipangano Chatsopano cha 1801 Carey mwini anachikonzanso kangapo mpaka ukalamba wake chifukwa choyambacho chinali chouma, mawu a Chibengali koma kayalidwe ka chiganizo kachilendo. Ndiye kunena kuti "Baibulo la Carey limati" osatchula chaka nkosakwanira. Ndipo ngati chilankhulocho simuchiwerenga, musaweruze nokha kuti anamasulira bwino kapena ayi, tchulani amene anaweruza.

Nkhani ina yokoma kuilondola ndi ya liwu la ubatizo. A Baptist ankalimasulira ndi liwu lotanthauza kumiza, amipingo ina ankafuna lisiyidwe mmene lilili m'Chigiriki ngati mmene ife tinangotengera kuti kubatiza, mkangano unakula mpaka Bible Society inasiya kuthandiza mabaibulo otero ndipo a Baptist anayambitsa Bible Translation Society yawo mu 1840. Kuti muimve bwino muyenera mbali zonse ziwiri, ya ku Oxford ndi ya ku Cambridge.

Pomaliza pa gawoli, zina simudzazipeza chifukwa kulibe. Usiku wa pa 11 Malichi 1812 nyumba yosindikizira ya ku Serampore inapsa Carey ali ku Calcutta, munapita mapepala, zilembo zosindikizira za zilankhulo zambiri, zomasulira zimene zinali zisanasindikizidwe ndi dikishonale yaikulu yofananitsa zilankhulo imene anaigwirira ntchito zaka. Zitsulo zosemera zilembo zinapezeka zili bwino m'phulusa ndi chifukwa chake anayambiranso msanga. Choncho mukasaka zolemba pamanja za kumasulira kwa chaka cha 1812 chisanafike nkusapeza, musalimbane ndi wosunga laibulale, sakani m'malo mwake makalata a Ward, Marshman ndi Carey a masabata otsatira amene akundandalika zimene zinapsa. Amene anafufuzapo ku National Archives ku Zomba akuidziwa nkhani yotere, moto wa 1919 unatentha zolemba zambiri za boma za zaka zoyambirira ndipo umachita kuzungulira kudzera m'makope amene anatumizidwa ku London.

Chotsiriza, sungani mwadongosolo kuyambira tsiku loyamba

Chilichonse mwatsegula lembani pomwepo malo osungira, nambala ya mu katalogi, wolemba, wolandira, tsiku, tsamba, ndipo ngati ndi pa intaneti ulalo wake ndi tsiku limene mwaonera. Fayilo iliyonse muipatse dzina loyamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako maina, monga 1812-03 Carey kwa Fuller, zikatero zimadzisanja zokha mu foda. Masikirinishoti opanda dzina ndi msampha, ine ndinali nawo oposa mazana awiri mu galare osakanikirana ndi zithunzi za ukwati wa msuweni wanga, tsamba looneka bwinobwino koma osadziwa kuti ndi la buku liti, kenako foniyo inagwera mu ndowa ndikuchapa ndipo ndinayambiranso pa ziro. Pano sikirinishoti iliyonse ndimajambula kaye tsamba loyamba la bukulo, kenako tsamba lofunikalo nambala yake ikuoneka, ndipo Loweruka lililonse ndimazitumiza ku imelo yanga ndi kukopera pa flash imene imakhala mu sutikesi pamodzi ndi masatifiketi.